Matebulo a Monika

Mng'ono wanga Monika amapanga matebulo. Mukafunsa aliyense kwathu ku Lobi akuuzani choncho, ndipo ine ndinasiya kale kuwatsutsa. Koma musapite ku ofesi yake ku Chimbiya ndi ngolo, mukabwerako chimanjamanja. Mwanayo chibadwire sanagwirepo sowo ngakhale hamala.

Ntchito yake yeniyeni ndi ya madetabesi. Detabesi ndi nkhokwe ya mu kompyuta momwe bungwe limasungamo maina a anthu ake, katundu wake ndi zina zofunika kukumbukira, zitasanjidwa bwino kuti ukafuna chinthu uchipeze msanga. M'nkhokwemo zinthu zimaikidwa m'mizere, ina yopingasa ina yotsika, ndipo mizere imeneyi akaiphatikiza amati ndi tebulo. Amene anasankha dzina limeneli sindimudziwa, koma anatiputira nkhani.

Monika anaphunzira zimenezi ku Lilongwe, nagwirako ntchito mpaka kampani yake inatsekedwa. Anabwerera kumudzi ndi laputopu, sutikesi ndi makani ake aja. Anachita lendi kachipinda kuseri kwa shopu ya feteleza pa Chimbiya, nalembetsa chikwangwani chakuti amathandiza makalabu, masukulu ndi mabizinesi ang'onoang'ono kusunga zolemba zawo mu kompyuta. Kuti anthu amudziwe anatsegula bulogu, tsamba la pa intaneti pomwe ankalembapo maphunziro a ntchito yake, kuti wowerenga akaona nzeru zake amuimbire foni.

Ankalemba m'Chingerezi. Owerenga analipo, sindikana, koma anali a kumaiko akutali, anthu ongothokoza ndi kupita. Pa Chimbiya penipeni palibe anagogodapo chitseko chake kupatula amayi ogulitsa tomato ofuna kutchajitsa mafoni. Nthawi yomweyo msuweni wathu Sandra ankaimba pafupipafupi kuchokera ku Joni, akuti wamupezera malo m'shopu ya tsitsi. Monika analonjeza abambo athu, a Bonifasi, kuti nyengo yogawana mbewu ya mbatata ya kachewere ikadutsa asanapeze kasitomala ngakhale mmodzi, atseka kachipindako akwere basi. Sutikesi ija sanaimasule yonse. Inkakhala pakona, ndipo ndikalowa mu ofesimo inkandinyansa ngati mlendo wosatsanzika.

Ine ndine Sophie, mkulu wake, mphunzitsi wa Chichewa pa pulaimale ina cha ku Mphunzi. Sindinafune kuti mwana wophunzira chotere akathere moyo wake pa kuluka mameshi a anthu, ndipo ndinamuuza mosapsatira.

"Iwe, ukulembera yani? Amene ukufuna akulembe ntchito ali pompano, akukumba mbatata. Lemba m'Chichewa."

"Achemwali, mawu ake mulibe m'Chichewa."

"Mawu ndi ntchito yanga imeneyo. Iwe ungondiuza chinthucho chimatani."

Tinakhala pansi Loweruka lina masana, iye akufotokoza ine ndikusaka mawu. Phunziro loyamba linali losavuta ndithu, ndipo mutu wake ndinapereka ndine: Mmene mungapangire tebulo lanu loyamba. Mpaka lero sindipepesa, chifukwa Chichewa chake chinali cholondola. Tinalitumiza pa magulu a Watsapu, la aphunzitsi, la kwaya ndi la mphakati wathu wa kutchalitchi. Vuto ndi lakuti anthu akwathu amawerenga mutu wokha, zotsalazo amamalizira m'mutu mwawo.

Foni ya Monika inayamba kulira kusiyana ndi kale lonse. Wina ankafuna tebulo lodyera, wina la mipando yake yomwe, wina anafunsa ngati amakhomanso mabokosi a maliro. Lamulungu titatuluka m'Misa azibambo anazungulira abambo athu kuwayamikira kuti mwana wamkazi wa ukalipentala ndi wosowa. Abambo, amenenso sankamvetsa bwino ntchito ya mwana wawo, anangoti, "Ee, amayesetsa." Monika analira ndi ukali, ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenako ndinamva chisoni nditaona akuyang'ana sutikesi ija.

M'sabata yotsatira ndinali mu ofesimo pamene analowa a Alufeo, tcheya wa kalabu ya alimi a kachewere kwathu, momwenso amayi athu ndi membala. Anavula chipewa, namwazamwaza maso kufuna matabwa.

"Mwanawe, ndamva za luso lako. Kukalabu tikufuna tebulo lalikulu, lolimba miyendo."

Ndinaona Monika akukoka mpweya kuti ayambe kukana monga ankachitira pa foni, ndiye ndinamuponda phazi. Anandiyang'ana, nameza mawu ake, nafunsa mwaulemu.

"Bambo, tebulolo mukufuna muziikapo chiyani?"

"Tikufuna lotchinga, mwanawe," anatero a Alufeo, nakhala pa benchi. "Tsiku logawa mbewu anthu amamuunjirira mlembi mpaka kumugwetsa. Pakhale chinthu pakati."

"Amamuunjirira chifukwa chiyani?"

Apa ndi pomwe nkhani inatuluka. Mlembi wa kalabu ndi a Kizito, munthu wabwino, wolemba bwino, koma ndi mkamwini, anachita kukwatira m'mudzimo. Theka la azimayi a m'kalabu ndi apongozi ake mwanjira ina, ndipo mkamwini sangaime pamaso pa apongozi ndi kuwafunsa dzina lawo. Choncho amalemba chimene wamva anthu akuitana. Lero alemba Naphiri, mawa munthu yemweyo amulemba make wakutiwakuti, tsiku lina dzina la amuna ake. Pogawa mbewu akaitana kuti a Naphiri, amadzuka azimayi a mzere wonse. Ena amalandira kawiri osadziwa, ena amabwerera opanda kanthu, ndipo mkangano wake umafika mpaka kumadimba.

Maso a Monika anawala monga ndinali ndisanawaonere chibwerere ku Lilongwe. Anawauza a Alufeo kuti tebulo la matabwa alibe, koma ali ndi lina lothetsa mkanganowo. A Alufeo anakanda m'mutu, nati iwo paokha sangalamule, abwere adzalankhule yekha pa msonkhano wa mamembala onse.

Pofuna kukonzekeretsa anthu, Monika analemba phunziro lachiwiri, lofotokoza chifukwa chake dzina silokwanira kusiyanitsa anthu mu detabesi, ndi kuti aliyense amafunika nambala yakeyake yosasintha, imene pa ntchito yawo amaitcha kiyi. Ine sabata imeneyo ndinatanganidwa ndi kuchonga mayeso, phunzirolo sindinalione lisanatuluke. Linali lokoma, ndikuvomereza. Chitsanzo chake chinali amayi athu. Analemba kuti kutchalitchi ndi a Magadalena, pamudzi ndi make Sophie, kuchipatala ndi Mayi Bonifasi, kwa abambo ndi Naphiri, koma munthu ndi mmodzi yemweyo. Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anawonjezera dzina lina, la paubwana, limene amaitana nalo azakhali okalamba okha, nawonso motsitsa mawu. Ine dzina limenelo sindilemba pano ngakhale mundikakamize.

Kwathu mwana satchula dzina lotere la mayi wake, ngakhale m'nyumba muli awiri. Monika analipachika pa intaneti, ndipo mayi wina analiwerenga mokweza pa foni anthu akudikira mapemphero a mphakati. Amayi anabwera kunyumba, nalowa kudimba osadya kanthu. Ndinamukalipira Monika mpaka mawu anandithera.

"Sukulu yonse ija inakuchotsa nzeru za kunyumba? Wawavula amayi pamsika!"

"Ndimangofuna chitsanzo chomveka, achemwali. Mutu wanga unali pa mizere."

Anafufuta dzinalo tsiku lomwelo, napita kudimba kukagwada pakati pa mizere ya kabichi. Amayi anamumvetsera mpaka anamaliza, nangoti, "Ndamva," napitiriza kuthirira. Amene amawadziwa amayi athu akudziwa kuti "ndamva" yawo sindiye kuti nkhani yatha.

Tsiku la msonkhano kunacha ndi nkhungu yozizira ya ku Dedza kuno, ija yolowa mpaka m'mafupa. Anthu anakhala pakhonde ndi pabwalo la nyumba yosungira mbewu, azimayi atafunda zitenje mpaka kumutu. Amayi anakhala kumbuyo kwenikweni, osayang'ana kumene tinali ife. Ine ndinapita ngati wonyamula chikwama, koma zoona zake ndinkafuna ndikhale pafupi zinthu zikavuta.

Monika anaika laputopu pa thumba la mbatata, nalankhula bwino kwambiri. Sanathamange, sanaponyemo Chingerezi. Anati membala aliyense adzakhala ndi mzere wake, ndipo pa mzerepo padzalembedwa maina ake onse, mudzi wake ndi mbewu imene walandira. Kenako aliyense adzapatsidwa kakhadi ka nambala yake. Azibambo ena anagwedeza mitu movomereza, ndipo a Kizito ankaoneka ngati munthu amene akumutula katundu. Ndinayamba kupuma bwino. Ndiye anadzuka a Rute, mayi wamkulu amene mawu ake m'kalabumo amalemera kuposa a tcheya.

"Atcheya, ine ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, nambala amapatsa ng'ombe ku dibi ndi akaidi kundende. Ife talakwa chiyani? Lachiwiri, mwana uyu anatenga dzina la mayi wake womubala nkulimwaza m'mafoni. Nanga athuwa akawatenga, akawamwaza kuti?"

Pabwalo panamveka kung'ung'udza kovomereza. Azimayi ena anayamba kukutumula zitenje ngati akunyamuka. Ndinaona dzanja la Monika likupita pa chivundikiro cha laputopu kuti atseke. Mumtima mwanga ndinaiona basi ya ku Joni itaima pa Chimbiya, injini ikulira. Ndinakwiya ndi a Rute, ndinakwiya ndi Monika, ndinakwiyanso ndi mayeso amene anandilepheretsa kuwerenga phunziro lija.

"Tandidikirani."

Anali amayi. Anadzuka pang'onopang'ono, namanga bwino chitenje, nayenda kudutsa pakati pa anthu mpaka kutsogolo. Sanamuyang'ane Monika, anayang'ana a Rute.

"A Rute, munthu amene analembedwa m'mafoni uja ndine, ndiye mundilole ndilankhule. Mwanayu anandilakwira, ndipo mlandu umenewo ndi wa kunyumba kwanga, ndiuweruza ndekha. Koma zimene analemba sananame. Chaka chatha ine ndinachoka pano thumba lili lopinda m'khwapa. Anaitana Naphiri, anadzuka anzanga, ine ndinatsala. A Kizito awa ndingawakwiyire bwanji? Akandiona panjira amapatukira kutchire, ndiye mukuti andifunse dzina?"

Anthu anaseka, a Kizito anaweramitsa mutu. Kenako amayi anatembenukira kwa mwana wawo koyamba chichitikire nkhani ija.

"Iwe, tandiyankha pamaso pa anthu. Maina athu ukawalemba m'chinthu chakocho, awaona ndani?"

"Palibe, amayi," anatero Monika. "Ndiwatsekera. Mlembi aziona nambala ndi mbewu basi. Maina azitsegulidwa pokhapokha mwini wake atapempha, atcheya ali pomwepo."

"Ndiye kuti pogawa mbewu mkamwiniyu sazitchulanso dzina la munthu?"

"Ayi, amayi. Aziitana nambala."

Amayi anagwedeza mutu, natembenukiranso kwa anzawo.

"Mwamva? Nambalayo si ya ng'ombe. Ndi chitenje chofunditsa dzina. Ine ndiyamba."

Anakhala pa thumba pafupi ndi laputopu, nayamba kutchula maina awo, osanong'ona ayi, mokweza kuti wa kumbuyo amve. La kutchalitchi, la pamudzi, la kuchipatala, la mfunda. Atafika pa la paubwana lija anakweza mutu nalitchula lonse, bwinobwino, nawonjezera kuti, "Ndi langa, ndikalitchula ndekha palibe mlandu." Ine misozi inatsika ndisanaiitane. Monika analemba, natenga kakhadi koyamba, nakapereka ndi manja awiri atagwada.

A Rute anakhalabe pamalo pawo nkhope ili gwa, mpaka azimayi angapo atadutsa. Kenako anadzuka nati iwo maina awo sanena pagulu, anena m'khutu mwa mwanayo. Monika anati ndi mmene ziyenera kukhalira, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankabwera payekha, kuwerama ndi kunong'ona. Mzere unafika mpaka kumsewu. Nkhungu itayamba kuchoka a Alufeo anaimirira nalengeza kuti kalabu yamulemba ntchito Monika, akonze detabesiyo ndi kuphunzitsa mlembi kagwiritsidwe kake. Anamaliza ndi kunena kuti tebulo la matabwa lija akulifunabe, laputopu isamakhale pa thumba, ndipo afunsa kalipentala weniweni.

Pobwerera kunyumba amayi anatsogola, ife tikutsatira ngati anapiye. Titafika pa mlatho wa kudimba anaima nati, "Iwe Monika, usadzabwerezenso." Monika anati sadzabwerezanso. Amayi anamupatsa dengu lawo kuti anyamule, ndipo tonse tinadziwa kuti tsopano nkhani yatha.

Phunziro lachitatu tinalemba limodzi, ndipo ndinaliwerenga liwu ndi liwu lisanatuluke. Linali la mmene mungatsekere maina mu detabesi kuti aoneke kwa oyenera okha. Mutu wake tinapempha kwa eni ake mawu, ndipo amayi analola: Nambala ndi chitenje cha dzina. Limeneli anthu sanalekere pa mutu. Linayenda m'mafoni kuchokera ku Lobi mpaka ku Mphunzi ndi kupitirira, chifukwa zikuoneka kuti kalabu iliyonse ili ndi a Kizito ake ndi a Naphiri ake. Anaimba a kalabu ya nyemba, anaimba a gulu la azimayi osoka, anabweranso mkulu wa sukulu ina ya mkaka. Oimba kufuna tebulo lodyera sanatheretu, koma Monika masiku ano amawayankha moseka, nkuwafunsa ngati alibe gulu limene maina ake amasokonekera.

Sandra ataimbanso, Monika anamuthokoza namuuza kuti malowo apatse wina. Sutikesi ija ilipobe mu ofesi, koma tsopano amasungiramo mawaya ndi makhadi. Abambo athu akafunsidwa kutchalitchi amayankha molimba kuti mwana wawo amapanga matebulo osaoneka ndi maso, ndipo amene sakumvetsa apite akafunse ku kalabu.

Tsiku logawa mbewu ndinapempha mnzanga andigwirire kalasi, chifukwa sindikanalola kumva za tsikuli kwa anthu. Tebulo la matabwa linali litafika, latsopano, likununkha vanishi. A Kizito anakhala kuseri kwake ndi laputopu imene kalabu inagula, Monika ataima pambali manja kumbuyo ngati sakuchita kanthu. Palibe anaunjirira. Azimayi anakhala pa udzu, aliyense kakhadi kake atakamanga pa ngodya ya chitenje.

A Kizito anayang'ana pa laputopu, natsokomola, nazengereza. Ndinaona vuto lawo. Nambala ndi nambala, koma mwini wake anali apongozi, ndipo pakamwa pa mkamwini woleredwa bwino sipakanatuluka mawu opanda ulemu. Anaimirira, nagwira chipewa pachifuwa.

"A nambala wani!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete, a Rute omwe mpaka kupukuta misozi. Amayi okha sanaseke. Anadzuka mwaufumu, nakonza mpango, nayenda kupita kutebulo osafulumira. Atalandira mbewu yawo anasenza thumba, ndipo pobwerera anaima pafupi ndi a Rute, nalankhula mokweza kuti Monika amve.

"Maina enawo anandipatsa ndi makolo, ansembe ndi amuna anga. Ili wandipatsa ndi mwana wanga."